Kuchoka pa usilikali wamba n'kukhala namwino wa udindo wa ofesala mu U.S. Army

Mwafunsa kuti msilikali wamba wa U.S. Army angatani kuti akhale namwino waudindo. Khomo lake ndi pulogalamu ya AECP (AMEDD Enlisted Commissioning Program), yomwe imathandiza asilikali wamba kuphunzira unamwino n'kukhala maofesala.

Choyamba, mukhale nzika ya America. Green card, chiphaso chokulolani kukhazikika m'dzikolo, payokha siyokwanira. Kenako malizani maphunziro oyambira, monga anatomy, chemistry ndi microbiology. Apa m'pofunika kulimba mtima, achimwene. Munthu waweruka ntchito nsapato zili fumbi lokhalokha, maso akulemera, koma ayenera kutsegula buku mpaka pakati pa usiku. Musathamange nawo maphunzirowa, chifukwa magiredi amenewa ndi omwe komiti yosankha imayang'anitsitsa.

Mukatero, pezani kalata yochokera kusukulu ya unamwino yovomerezeka, yonena kuti akulandirani ndipo digiri ya unamwino ya BSN (Bachelor of Science in Nursing) mudzaimaliza m'miyezi 24. Iphatikizeni ndi makalata a akuluakulu anu komanso zotsatira za kuchipatala, mutumize.

Akakusankhani, mumaphunzira malipiro anu a usilikali akubwerabe mwezi ndi mwezi. Pomaliza lembani mayeso a NCLEX-RN, opezera chilolezo chogwira ntchito ya unamwino ku America. Mukakhoza mumapatsidwa udindo wa second lieutenant, womwe ndi woyambirira wa maofesala, mu Army Nurse Corps, gulu la anamwino a U.S. Army, n'kupita kumaphunziro a maofesala ku Fort Sam Houston, ku San Antonio, Texas.

Ngati muli ku Navy (asilikali a pamadzi) funsani za MECP, ku Air Force (asilikali a mumlengalenga) za NECP, omwe ndi mapulogalamu awo ofanana ndi AECP.