Momwe mungasankhire lenzi yotchipa ya manual yojambulira anthu pa kamera ya mirrorless (yosinthika malenzi, yopanda kalilole mkati)

Lenzi imene imabwera ndi kamera, ija ya 16-50mm kapena 18-55mm, imagwira ntchito ndithu. Koma mukafuna chithunzi choti nkhope ya mkwatibwi ioneke ngwee pomwe mipando ndi mitengo ya kumbuyo yachita mbuu, imalephera chifukwa sitsegula mokwanira. Malenzi a autofocus (odziikira okha fokasi) amene amatha zimenezi ndi odula. Njira yopulumutsa ndalama ndi lenzi ya manual, imene fokasi mumapotokola nokha ndi dzanja, ndipo mukasankha bwino zithunzi zake sizichititsa manyazi.

Choyamba: dziwani mount ya kamera yanu

Kamera iliyonse ili ndi pakamwa pake pomangira lenzi: Sony E, Fujifilm X, Nikon Z, Canon RF kapena Micro Four Thirds ya Olympus ndi Panasonic. Lenzi imodzi yomweyo imagulitsidwa ndi mamount osiyanasiyana, ndiye werengani bwino musanalipire, makamaka ngati akukugulirani ndi m'bale wanu wa ku Johannesburg amene sadziwa za makamera. Eni a Canon achenjere: EF-M ndi RF ndi zosiyana, sizilowana.

Chachiwiri: sankhani mamilimita molingana ndi sensa

Sensa ndi kachipangizo kamene kamalandira chithunzi mkati mwa kamera. Pa kamera ya full frame, ija ya sensa yaikulu, ojambula anthu amakonda 85mm. Imakuimikani patali pang'ono ndi munthu, motero mphuno sikula kuposa mmene ilili. Koma makamera ambiri otsika mtengo, monga Sony a6000 ndi a Fujifilm X, ali ndi sensa yaing'ono ya APS-C, ndipo pamenepo mamilimita a lenzi mumawachulukitsa ndi 1.5 (pa Canon ndi 1.6). Choncho 50mm imaona ngati 75mm, ndipo 56mm imaona ngati 84mm. Pa Micro Four Thirds mumachulukitsa ndi 2.

Ngati muli ndi APS-C, gulani 50mm kapena 55mm. Mukamangapo 85mm mudzapeza kuti m'situdiyo yaing'ono mwafika kukhoma koma munthu akungokwana mutu wokha.

Chachitatu: musathamangire f/0.95

Apa ndi pomwe ndalama za anthu zimathera. Nambala ya f ikakhala yaing'ono ndiye kuti lenzi imatsegula kwambiri, kuwala kumalowa kochuluka ndipo kumbuyo kumafufutika kwambiri. Otsatsa malonda amadziwa kuti zimenezi zimakopa. Koma taganizani: 50mm pa f/1.2, pa kamera ya APS-C, munthu ali mita imodzi ndi theka kuchokera pomwe mwaima, malo amene amaoneka bwino ndi pafupifupi masentimita 4 okha. Munthuyo akangoweramira kutsogolo pang'ono poseka, fokasi yachoka pa diso yapita pa khutu. Mukatseka kufika f/2.8 malowo amakula kufika pafupifupi masentimita 10, ndipo dzanja lanu limakhala ndi mpata wolakwitsa pang'ono.

Palinso nkhani ya dzuwa lathu. Masana kukuwala phwee, pa ISO 100 (ISO ndi mmene sensa imamvera kuwala), f/1.4 imafuna shutter, kachitseko kolowetsa kuwala pojambula, yothamanga kupitirira 1/8000 ya sekondi, pomwe makamera ambiri otchipa amalekezera pa 1/4000. Chithunzi chimayera mopyola, diresi loyera limasowa maluwa ake. Mudzafunika fyuluta ya ND, yochepetsa kuwala, kapena kumuimika munthuyo pamthunzi.

Kwa ine, lenzi ya f/1.4 mpaka f/2 ndi yokwana. Ngakhale mutagula ya f/1.2, zithunzi zambiri zogulitsa mudzazijambula pa f/2, pomwe malenzi otchipawa amayamba kuonetsa bwino kwambiri.

Chachinayi: yatsopano kapena yakale?

Zatsopano zotchipa zimachokera ku makampani a ku China monga TTArtisan, 7Artisans ndi Meike. TTArtisan 50mm f/1.2 ya APS-C imagulidwa pafupifupi madola 100 a ku America, osawerengera zotumizira ndi msonkho. Palinso 7Artisans 55mm f/1.4. Wa full frame angayang'ane Samyang 85mm f/1.4 ya ku South Korea, ngakhale mtengo wake ndi wokwererapo. Ubwino wa zatsopano ndi woti zimalowa pa kamera popanda china chowonjezera.

Zakale ndi malenzi a makamera a filimu: Canon FD 50mm f/1.8, Minolta MD 50mm f/1.7, Pentax Super-Takumar, kapena Helios 44-2 58mm f/2 yopangidwa ku Soviet Union, imene imatchuka chifukwa kumbuyo kwa chithunzi kumaoneka ngati kukuzungulira. Izi zimafuna adaputa, kachitsulo kopanda galasi kongotalikitsa lenzi kuchoka pa sensa. Mwachitsanzo Helios ndi Takumar zimafuna adaputa ya M42 yopita ku mount yanu.

Chachisanu: yakale muione ndi maso anu

Musakhulupirire zithunzi za pa Facebook zokha. Tsegulani aperture, kabowo kolowera kuwala mu lenzi, mpaka kumapeto, walitsani tochi ya foni kuchokera kumbuyo, muyang'ane mkati mopendeketsa. Tifumbi tochepa si vuto. Koma mukaona timizere toyera tonga ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wapagalasi. Mukaona chifunga mkati, isiyeninso. Potokolani mphete ya aperture muone ngati timasamba tachitsulo tikutseka mosavuta ndiponso tilibe mafuta. Kenako mphete ya fokasi: iziyenda mosalala, molemerera pang'ono, osagwedera kapena kugwiragwira. Pa lenzi ya manual mphete imeneyi ndiyo ntchito yonse, choncho ikakhala yolobodoka musagule ngakhale mtengo utatsika bwanji.

Mukagula, nyengo ya mvula isungeni m'kabokosi kotseka bwino muli timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, osati m'chikwama chachinyezi.

Chachisanu ndi chimodzi: konzani kamera

Malenzi ambiri amenewa alibe mawaya olumikizana ndi kamera, ndiye kamera imaona ngati palibe lenzi ndipo ingakane kujambula. Pitani mu menyu muyatse "Release w/o Lens" pa Sony kapena "Shoot Without Lens" pa Fujifilm. Yatsaninso focus peaking, imene imapaka mtundu pa malo amene fokasi yagwira, koma musaidalire yokha mukatsegula kwambiri. Ikani batani lokulitsa chithunzi pafupi ndi chala chachikulu, muzikulitsa diso limene lili pafupi ndi inu musanadine. Ngati kamera yanu ili ndi chochepetsa kugwedezeka m'thupi mwake, ilembereni mamilimita a lenziyo. Gwiritsani mode A, aperture muzisintha pa lenzi, kamera izisankha shutter.

Lenzi yotere ndi ya munthu amene waima kapena wakhala pansi akukudikirani: omaliza maphunziro atavala gauni, mkwati ndi mkwatibwi mwambo utatha, agogo pakhonde. Nthawi ya pelekanipelekani anthu akuvina, bwezeranipo ija ya autofocus. Ndipo musanailipiritse munthu aliyense, yesererani kunyumba ndi abale anu mpaka dzanja lizolowere mbali yopotokolera munthu akayandikira.