Zolembedwa pa chigubu cha klorini wa HTH, mu Chinyanja chathu

Mvula ikayamba kugunda kuno kum'mawa zigubu za klorini wa ufa uja ziyamba kufika m'makiliniki, m'masukulu, ku makomiti a zitsime, ku misika ngati wa Kapata, makamaka kuchokela pomwe kolela inavuta ku Vubwi mu January 2023 na ku Lusaka kumapeto kwa chaka chomwecho mpaka masukulu anachedwa kutsegula mu 2024. Manje vuto ni lakuti lebulo ya pa chigubu ni chizungu chokhachokha, futi chizungu cha ma kemisti, koma ogwila chigubucho tsiku na tsiku ni amai okolopa, alonda na anyamata otunga madzi. Ndiye nati nimasulile zimene zilipo, chigawo chachiwili cha pepala la chitetezo lija amati SDS, chomwe chikamba za ngozi, nionjezeleko na pang'ono za chithandizo choyamba na kasungidwe.

Dzina lake lenileni ni calcium hypochlorite. Ni timibulu toyela ngati shuga wokhakhala, fungo lake la Jik koma lamphamvu maningi, ndipo mphamvu ya klorini ili pa 65 mpaka 70 peresenti. Si Clorin wa m'kabotolo uja timathila m'chigubu cha madzi akumwa ai, uja ni wamadzi ndipo ni wochepa mphamvu kutali, osasokoneza ziwilizi. Pa katoni kapena pa galimoto yonyamula muona chikwangwani chachikasu cholembedwa 5.1 na nambala ngati UN 1748 kapena UN 2880, malinga na chinyezi chimene chili mu ufawo. Zizindikilo zina za pa lebulo ni za dongosolo la United Nations lochedwa GHS lomwe linatuluka koyamba mu 2003, cholinga chake nchakuti chithunzi chimene wa ku China waika pa chigubu chitanthauze chimodzimodzi chikafika pa Mwami. Kuno kwathu oyang'anila mankhwala aululu otele ni a ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe.

Pamwamba pa lebulo pali liu limodzi lalikulu, Danger. M'dongosololi mau ochenjeza alipo awili chabe, Danger na Warning, ndipo Danger ndiye wamkulu. Pansi pake pali zithunzi zinai, chilichonse m'kabokosi kofiila m'mbali kopendekeka ngati dayamondi ya pa makhadi.

Choyamba ni moto uli pamwamba pa kalingi, ndipo apa mpomwe nifuna tikhalitsepo chifukwa ambili amachiwelenga molakwa. Munthu akaona lawi aganiza kuti ni chinthu choyaka ngati petulo, atenga kambulu kamodzi ayesa na machisi, sikayaka, basi ati azungu anama. Sananame. Lawi lopanda lingi ndiye la zinthu zoyaka zokha. Lawi lokhala na lingi, lingiyo ni O ya okosijeni, kutanthauza kuti mankhwalawa payekha sayaka koma amadyetsa moto. Ganizilani mbaula ya malasha yomwe ikufuka chabe, mukaipepelela na chivundikilo ilusa, chifukwa mwaipatsa mpweya. HTH ikatentha kapena ikakhudzana na chinthu chomwe chingapse imatulutsa mpweya umenewo yokha, mkati mwenimweni mwa mulu, popanda wopepelela. Ndiye moto wake sumvela kuvundikila na bulangeti kapena saka, mpweya uli nao kale. Palembedwa H272, kuti ukhoza kukulitsa moto, ndipo gulu lake ni Oxidizing Solid Category 2. Magulu alipo atatu, amawapeza posakaniza mankhwalawo na ufa wa selulozi, chinthu chomwe chili mu thonje na pepala, nkuona kuti wapsa msanga bwanji poyelekeza na muyezo wodziwika. Gulu 1 ndiye loopsa kwambili, 3 ni lochepelako, wathuyu ali pakati. Nambala yaing'ono ndiye ngozi yaikulu, osatembenuza.

Manje lebulo imati sungani kutali na zovala na zinthu zoyaka. Mau amenewo ni ofupika kwambili, tiyeni tilowe mu stoo yathu yeniyeni tione zomwe zimakhalamo. Muli dizilo wa chigayo, oilo wa injini, girisi, palafini, mabuleki fuluwidi a njinga yamoto, masaka opanda kanthu, utuchi wa nkhuku, makatoni, thonje lodikila ogula, mapesi, shuga na sopo. Zonsezo siziyenela kukhudzana na HTH, ndipo zamafutazo zikadonthela mu ufa zimatha kufuka nkubuka moto popanda machisi, patapita kamphindi munthu atatseka kale chitseko. Ndipo chimene chimaniopsa kwambili ine ni feteleza, pakuti nyengo ya klorini ndiyonso nyengo ya feteleza, November na December zonse zibwela pamodzi ndipo chipinda chokhoma ni chimodzi. Urea na ammonium nitrate zikasakanikilana na klorini ameneyu, makamaka pali chinyezi, zipanga zinthu zomwe zimaphulika. Zonse ni timibulu toyela, kapu imodzi yotapila uku na uku ikwanila kuyambitsa tsoka. Ngati chipinda ni chimodzi, feteleza akhale m'menemo, klorini mum'pezele pena.

Kutentha nako ni mdani. Chigubu chosiyidwa padzuwa kapena pansi pa malata mu October, kaya ku Mambwe kuchigwa kuja komwe kumaotcha ngati ng'anjo, chimayamba kuonongeka chokha, mphamvu ichepa, mpweya uunjikana mkati, chivundikilo chitupa. Mukapeza chigubu chotupa kapena chofunda mukachigwila osachitsegula muli chiwelamile, chokanipo muitane odziwa. Malo ake ni ouma, ozizila, opita mphepo, pa thabwa la pulasitiki kapena njelwa osati pansi pomwe madzi a mvula alowa, chivundikilo chotseka bwino, ana osafikako. Madzi ochepa ni oopsa kupambana ambili, sipuni yonyowa kapena denga lodontha zimatenthetsa ufawo. Nchifukwa chake lamulo ni lakuti ufa upite m'madzi, osati madzi kuthila pa ufa.

Moto ukabuka, madzi ambili, kuthila muli patali komanso mphepo ikuchokela kumbuyo kwanu. Chozimitsila moto cha ufa chija chofala m'maofesi na m'maminibasi osachigwilitsa nchito apa, ufa wake uli na ammonium, wosayanjana na klorini ngati feteleza uja. Ukakula thawani muitane ozimitsa moto pa 993, muwauze dzina la mankhwala.

Chithunzi chachiwili, timabotolo tiwili tikudonthezela pa dzanja na pa chitsulo, zonse zikudyeka. H314, Skin Corrosion 1B, amaocha khungu koopsa na kuononga maso. 1B itanthauza kuti poyesa, khungu limaonongeka mpaka mkati likakhala na mankhwalawo kupitilila mphindi 3 koma osakwana ola. Dzanja louma mwina simumva kanthu msanga, ndiye anthu azolowela kutapa na manja, koma thukuta likasungunula ufa uja uyamba kudya. Diso ndiye silichedwa, munthu akhoza kuchita khungu. Valani magolovesi a labala, magalasi otseka m'mbali, gambuti na epuloni, potsegula nkhope muiike kumbali. Zikalowa m'maso tsukani na madzi oyela oyenda kwa mphindi 15 kapena kupitilila mutatong'ola zikope, si kusukusula kawili basi ai, muuze wina awelenge nthawi pa foni, mukatha pitani ku chipatala ngakhale kuwawa kwachepa. Osathilamo mkaka, mkodzo kapena madzi a masamba. Pa khungu kunthani ufa, vulani zovala, sambani madzi ambili, ndipo chovala chomwe chili na ufa muchiviike m'madzi musanachiponye pa mulu wa zochapa, ni nsalu, ingapse.

Chachitatu ni chizindikilo chofuulila chija, kamzele na kadontho. H302, Acute Toxicity 4, ni woipa ukamezedwa. Ena afunsa kuti nanga chibade na mafupa chili kuti, ngati palibe ndiye si poizoni? Chibade chimaikidwa pa magulu 1 mpaka 3, omwe pang'ono chabe apha. Gulu 4 ni la mankhwala omwe theka la makoswe oyesedwa amafa na mamiligalamu pakati pa 300 na 2000 pa kilo ya thupi. Koma musatonthole nazo, chifukwa uyu asanafike pokhala poizoni wayamba kale kuocha m'kamwa, kum'melo na m'mimba. Mwana akameza, m'tsukeni m'kamwa, osam'sanzitsa, pakuti chimene chaocha potsika chiochanso pokwela, ndipo wokomoka osam'mwetsa kanthu. Thamangani naye ku kiliniki ili pafupi mutatenga chithunzi cha lebulo. Apa ninene mosabisa, chizolowezi chogawana HTH m'mapepala a shuga, m'mabotolo a maheu kapena m'tumajumbo topanda dzina nchoipa, mwana saziwa kuti si shuga.

Pali mzele wina umene ulibe chithunzi chake, pa zigubu zambili walembedwa EUH031, kuti akakumana na asidi atulutsa mpweya wa poizoni. Mpweyawo ni klorini weniweni, wolemela kuposa mpweya wamba, umakhala pansi, m'chimbudzi chotseka kapena m'thanki umadzaza msanga. Asidi pakhomo ni madzi a batile ya sola, viniga, na mankhwala ambili otsukila zimbudzi. Kusakaniza kuti chimbudzi chiyele kwambili ndiko kumagwetsa anthu. Inunso a ku maloji osamala madamu osambilamo, mapilisi a klorini aakulu aja ochedwa trichlor ni mtundu wina, m'baketi imodzi na HTH siziyanjana olo pang'ono, ngakhale zonse ni klorini. Wopuma mpweyawo m'tulutseni panja akhale tsonga, akamakhosomola kapena chifuwa chikamuthina apite ku chipatala tsiku lomwelo chifukwa mapapo nthawi zina amavuta patapita maola.

Chachinai ni nsomba yakufa na mtengo wouma, H400, kuti ni poizoni ku zamoyo za m'madzi. Mankhwala otsala osataila mu Lunkhwakwa, m'dambo kapena pafupi na damu la nsomba, osatsukilanso zigubu kumtsinje.

Za kasungunulidwe lebulo zambili sizinena, koma miyezo yomwe azaumoyo amagwilitsa nchito pa kolela ni iyi, tikatenga kuti sipuni yaikulu yodyela yosasefukila ni magalamu pafupifupi 15. Posamba m'manja, 0.05 peresenti, sipuni imodzi mu malita 20. Pokolopa pansi, mabedi na ziwiya, 0.2 peresenti, masipuni awili mu malita 10. Pa chimbudzi na masanzi a wodwala, 2 peresenti, masipuni awili mu lita imodzi, ndipo ameneyu ni waukali, magolovesi osavula. Sungunulani panja m'baketi ya pulasitiki osati yachitsulo, takasani na kamtengo koyela, dikilani zoyela zikhale pansi mugwilitse nchito madzi a pamwamba, baketi iliyonse ilembedwe muyezo wake. Wosamba m'manja uja mupange watsopano tsiku lililonse.

Madzi akumwa sininaikepo muyezo dala. Chitsime chilichonse chimadya klorini mosiyana, madzi a matope a mu January sangafanane na a pa mjigo, ndiye azaumoyo amayamba ayesa kuti pakatha mphindi 30 patsale pafupifupi theka la miligalamu pa lita. Zimenezo zifuna kachipangizo koyezela, osati diso kapena lilime. Asiyileni a EHT, azaumoyo oona za ukhondo a pa kiliniki yanu, inu pakhomo gwilitsani nchito wa m'kabotolo uja motsatila zolembedwa pa botolopo, kapena wilitsani.