Momwe mungaunikire timu ya baseball ya osewera akale ligi ya pa kompyuta isanayambe

Amene mumasewera magemu ngati Out of the Park Baseball kapena Strat-O-Matic mukudziwa kale kukoma kwake, kutola osewera a zaka zosiyanasiyana nkuwasonkhanitsa mu timu imodzi, Babe Ruth apa Rickey Henderson apo, kenako kompyuta iseweretse sizoni yonse. Koma polemba zoti timuyo ichita bwanji ambiri amangondandalika mayina akuluakulu nkuti iyiyi itenga chikho basi. Tiyeni tichite bwinoko.

Choyamba lembani chaka cha wosewera aliyense, osati dzina lokha, chifukwa ma ligi ambiri amatenga manambala a sizoni imodzi. Ruth wa 1927 anamenya ma home run (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo) 60, koma Ruth wa 1916 anali pitcher (woponya mpira) ku Boston Red Sox, ndipo wa 1935 anali atatheratu mphamvu. Anthu atatu osiyana amenewo.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, onani nthawi imene munthuyo ankasewera. Bob Gibson mu 1968 anali ndi ERA (ma run amene pitcher amalola pa ma inning 9 aliwonse, ikachepa ndiye bwino) ya 1.12, Pedro Martinez mu 2000 anali ndi 1.74, nde mukangoyang'ana mwachangu muti Gibson ndi patali. Koma 1968 chinali chaka choti ma pitcher onse ankazunza omenya mpaka akuluakulu a ligi anatsitsa kachulu koponyerapo mpira chaka chotsatira, kuchoka mainchesi 15 kufika 10, pomwe Pedro ankaponya nthawi imene ma home run ankangoti mbwee paliponse. Pitani pa Baseball-Reference muone ERA+, nambala yoyerekeza munthu ndi anzake a chaka chomwecho, 100 ndiye wapakati. Pedro ali ndi 291, Gibson 258. Kwa omenya onani OPS+, yomwe imayerekeza chimodzimodzi. Ndipo funsani woyendetsa ligi ngati gemu ikusintha manambala potengera nthawi imene munthu ankasewera kapena ikuwatenga momwe alili, izi zokha zitha kutembenuza zonse zomwe mwalemba.

Kenako bwalo. Ku Fenway Park kumanzere kuli khoma lalitali pafupifupi mamita 11 koma lili pafupi, omenyera kumanja amalikonda. Yankee Stadium yakale inali yaifupi kumanja, nchifukwa chake amanzere ankasangalala nayo. Coors Field ku Denver ili pamwamba kwambiri, mpira umauluka, pitcher wanu akalira.

Tsopano sakani pofooka, ndipo musachite manyazi kupatchula ngakhale timu ili yanu. Mwaika Ruth, Lou Gehrig ndi Ted Williams motsatizana, zaoneka bwino eti? Onse atatu ndi amanzere, tsiku lokumana ndi ma pitcher amanzere ngati Randy Johnson kapena Sandy Koufax, omwe amavutitsa omenya amanzere, mudzaona. Onaninso catcher (wogwira mpira kumbuyo kwa womenya) ndi shortstop (wotchinga pakati pa base yachiwiri ndi yachitatu), malo amene anthu amawakumbukira ndalama kapena mwayi wosankha zitatha. Shortstop Ozzie Smith sankamenya ma home run ambiri koma anatenga ma Gold Glove (mphotho ya wogwira bwino mipira) 13 otsatizana, ine ndingamutenge kusiyana ndi womenya kwambiri wogwetsa mipira, makamaka ngati ma pitcher anu ndi oti mipira yawo imamenyedwa kwambiri pansi.

Ma pitcher akalekale amanamiza pena. Walter Johnson mu 1913 anawina magemu 36 ndipo nthawi zambiri ankaponya gemu yonse yekha, nde onani ngati ligi yanu ikumulola kutero, apo ayi mufunika anthu omalizitsa ngati Mariano Rivera. Za Josh Gibson ndi anzake a ku Negro Leagues (ma ligi akale a osewera akuda ku America), ligi yaikulu ya MLB inalowetsa manambala awo m'mabuku mu 2024 ndipo avareji yake yomenya mpira ya .372 inaposa ya Ty Cobb, koma masizoni awo a ligi anali aafupi, magemu ena a pa kompyuta amawachepetsa mwayi wosewera pa chifukwa chimenecho.

Pomaliza nenani nambala, timu iwina magemu angati mwa 162, osangoti ichita bwino. Ngati gemu ili pa kompyuta yanu seweretsani sizoni kangapo muone pomwe ikumathera. Ndipo musatengeke ndi Yankees ya 1927 yomwe inawina 110, imeneyo inkamenya matimu wamba. Mu ligi yoti aliyense ali ndi akatswiri okhaokha wapakati amathera pa 81, nde mukalemba 90 mwayitama kale timuyo mokwanira.