Kukonzekera Mgonero Woyera monga ankachitira makolo athu a Angilikani

Mgonero wa Lamulungu umayamba Loweruka. Ndimawauza zimenezi achinyamata amene ndimawaphunzitsa asanasanjikidwe manja ndi abishopu, ndipo ndikulembanso pano chifukwa akuluakulu ambiri tinasiya. Timalowa m'tchalitchi nyimbo yoyamba ili pakati, foni ikulira m'chikwama, mzere ukanyamuka nafenso tanyamuka. Amene anatibatiza sanatiphunzitse choncho.

Mpingo wathu unabwera kuno ndi amishonale a UMCA (Universities' Mission to Central Africa), bungwe la Angilikani lochokera ku England. Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861, ndipo ntchito inadzakhazikika pa Likoma mu 1885. Ansembe amenewa analeredwa m'chitsitsimutso chimene chinayamba ku Oxford mu 1833, chimene chinabwezera Ukaristia, ndiwo Mgonero Woyera, pakati penipeni pa moyo wa mpingo. N'chifukwa chake kwathu timati Misa, timagwada, timafukiza lubani. Koma cholowa chachikulu chimene anatisiyira si lubani ayi, ndi mantha oyenera pofika pa guwa.

Loweruka madzulo, mukatha kudya, zimitsani wailesi ndipo mukhale pansi ndi Malamulo Khumi. Buku la mapemphero la Angilikani la chaka cha 1662 linawaika koyambirira kwa mwambo wa Mgonero: wansembe amatchula lamulo limodzi, anthu ali chogwada amapempha chifundo, kenako lina. Chitani chimodzimodzi panokha, osathamanga. Pa "usabe" musamangoganiza zothyola nyumba ya munthu. Ganizani za sikelo imene mumapimira chimanga cha anzanu, ngongole ya banki m'khonde imene mukuzemba, malipiro a mtsikana wantchito amene mwawachedwetsa dala. Pa "usachite umboni wonama" tsegulani mtima pa zimene munatumiza pa gulu la WhatsApp sabata ino. Paulo anati munthu adziyese yekha, ndipo akatero adye mkatewo, pa 1 Akorinto 11:28.

Tsopano pali povuta, pamene ambiri timalumpha. Ngati mwapeza kuti munalakwira munthu, kulapa kwa Mulungu yekha sikukwanira. Buku la 1662 lija limati muyanjane naye, ndipo mubweze zimene munamulanda monga mungathere. Limapatsanso wansembe mphamvu yoletsa kulandira anthu awiri amene akudziwika kuti ali pa chidani, mpaka atayanjana. Ena amati zimenezi n'zankhanza. Ine ndimati n'chikondi, chifukwa Ambuye mwini anati siya mphatso yako patsogolo pa guwa, pita ukayanjane ndi m'bale wako, pa Mateyu 5:23-24. Ngati ndi alamu anu amene munakangana nawo za malire a munda, nyamukani dzuwa lisanalowe. Ngati ali kutali, aimbireni. Mwina sakulandirani bwino, koma mbali yanu mwachita. Ngati mtima ukukanabe kukhululuka, pitani ku Misa, pempherani, koma sabata imeneyo musalandire. Kukhala pa benchi si manyazi.

Tchimo lina limakana kuchoka pa mtima ngakhale mwalapa panokha. Pamenepo pitani kwa abambo ansembe mukaulule ndi kulandira chikhululukiro. Musamve za anthu oti kuulula kwa wansembe n'kwa Akatolika okha. Buku la 1662 limaitana poyera aliyense amene chikumbumtima chake sichikupeza mtendere kuti apite kwa mtumiki wa Mawu a Mulungu. Sitikakamizidwa, koma khomo ndi lotseguka. Ine ndimapita isanafike Pasaka ndi Khirisimasi. Bukulo limanenanso kuti ofuna kulandira apereke mayina awo kwa wansembe tsiku lisanafike, ndipo lamulo limeneli ndikanakonda litabwerera.

Za kusala: mwambo wakale ndi wosadya kuyambira pakati pa usiku mpaka mutalandira, kuti Thupi la Ambuye likhale chakudya choyamba cha tsikulo. Buku la 1662 silinalamule zimenezi, koma Augustine, bishopu wa ku Hippo, analemba cha m'ma 400 kuti mpingo wonse unkachita choncho. Odwala shuga, akumwa ma ARV kapena mankhwala ena ofuna chakudya, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, agogo athu, ndiponso amene mumayenda mtunda wautali kupita ku tchalitchi kumene abambo amafika masana, idyani popanda kudziweruza. Amphamvu ndi athanzi, phala likhoza kudikira.

M'mawa fikani belu lisanalire. Weramirani guwa, lowani pa malo anu, gwadani. Werengani Salmo 43 chamumtima, limene ansembe ndi otumikira pa guwa akhala akunena kuyambira kalekale asanayambe Misa, lija lonena zopita ku guwa la Mulungu. Moni ndi nkhani za maliro a kumudzi zidzakambidwa panja.

Tisanapite kutsogolo timanena pemphero lovomereza kuti sitiyenera ngakhale kutola nyenyeswa za pansi pa gome la Ambuye. Linalembedwa m'masiku a Thomas Cranmer, mkulu wa mabishopu wa ku Canterbury, mu 1548, ndipo mumamveka mawu a mayi wa ku Kanani uja wa pa Mateyu 15. Malo ena akulisiya, akuti limatsitsa anthu. Ndikupemphani, ngati kwanu salinenanso, linenereni nokha muli chogwada. Silithera pa kusayenera kwathu. Limapitirira kunena kuti Ambuye ameneyu chikhalidwe chake ndi kuchitira chifundo nthawi zonse.

Mukafika pa guwa gwadani, pokhapokha ngati mawondo akukana. Ikani dzanja lamanja pamwamba pa lamanzere, zikhato zotambasula, mukweze pang'ono kuti abambo asachite kuwerama. Cyril, bishopu wa ku Jerusalem, ankaphunzitsa obatizidwa kumene m'zaka za m'ma 300 kuti dzanja lamanzere likhale mpando wachifumu wa lamanja, popeza likulandira Mfumu. Kwa ife si chachilendo, pakuti mwana woleredwa bwino salandira chinthu kwa wamkulu ndi dzanja limodzi. Yankhani "Amen" momveka, kwezani manja onse kukamwa, ndipo onani ngati pa chikhato patsala kanyenyeswa. Chikho chikafika, gwirani kunsi kwake pang'ono pothandiza wopereka, imwani pang'ono chabe. Amayi, zopaka pa milomo pukutani musananyamuke pa benchi. Musadzuke mpaka woyandikana nanu atamwa, kuti mungamugunde. Amene simunasanjikidwe manja, pingasani manja pa chifuwa ndipo mudzalandira dalitso.

Pobwerera gwadaninso. Salmo 103 ndi labwino poyamika. Pa nthawiyi abambo amakhala akutsiriza mwaulemu mkate ndi vinyo zopatulidwa zimene zatsala ndi kutsuka chikho, choncho si nthawi yofunsana za zopereka kapena kutuluka kukapeza minibasi. Dikirani dalitso.

Buku la 1662 limati Mkhristu alandire kosachepera katatu pa chaka, kamodzi pa Pasaka. Kumeneko ndi kuchepetsetsa. Ngati mumapemphera ku tchalitchi chaching'ono kumene wansembe amabwera mwa apo ndi apo, funsani akatekisti tsiku limene abambo akubwera, mulilembe pa kalendala, kuti Loweruka lake mudzakhale mwamaliza za kumunda ndi za kumsika nthawi ikadalipo.