Tetezani Zilumba za Mbalame ku Makoswe Kuti Nsomba Zichuluke

Asodzi ambiri amaona mbalame za kunyanja ngati adani olimbirana nawo nsomba, koma mbalamezi zimabweza zambiri m'madzi momwe timasodzamo. Masana zimauluka kutali kukadya pakatikati pa nyanja yamchere, ndipo madzulo zikabwerera ku zisa zimasiya zitosi zodzaza ndi nayitirojeni ndi fosiforasi. Mvula ikagwa, michere imeneyi imakokolokera m'madzi ozungulira chilumba, ndere zimakula, nsomba zodya ndere zimanenepa, kenako nsomba zikuluzikulu zimapeza chakudya. Anamgumi nawonso amagwira ntchito yofanana, pakuti ambiri amadya m'madzi akuya koma amachita chimbudzi pafupi ndi pamwamba pa madzi, pamene dzuwa limafika.

Umboni wooneka bwino unachokera ku zilumba za Chagos m'nyanja ya Indian. Mu 2018 ofufuza anafalitsa zotsatira atayerekeza zilumba 12, zisanu ndi chimodzi zokhala ndi makoswe amene anafika ndi zombo zaka zoposa 200 zapitazo, ndi zisanu ndi chimodzi zopanda makoswe. Pa zilumba zopanda makoswe mbalame zinali zochuluka kuwirikiza nthawi pafupifupi 760, ndipo kulemera kwa nsomba za m'matanthwe ozungulira kunali kokwera ndi pafupifupi theka. Khoswe amadya mazira ndi anapiye usiku, choncho chilumba chimatha mbalame mwakachetechete. Amene anafikapo pa chilumba cha Boadzulu m'nyanja ya Malawi, chimene miyala yake inayera ndi zitosi za mbalame zodya nsomba, angamvetse msanga zimene zimatayika.

Malangizo athu ndi akuti khoswe asaloledwe kukwera boti. Musananyamuke, tsanulani matumba a ufa ndi makala n'kuona ngati mulibe mabowo kapena timibulu takuda ta ndowe, ndipo maukonde amene anagona pamtunda muwakutumule bwino. Pa chingwe chokochezera boti mangani chimbale chachitsulo chozungulira kuti khoswe alephere kuyendapo, ndipo ikani misampha pansi pa matabwa a boti. Mukafika pa chilumba, zotsalira za chakudya mubwerere nazo kumtunda, mazira musatole, komanso musapale zitosi kuti mukathire m'munda. Pa chilumba cha Ichaboe ku Namibia anthu anapala zitosi zonse m'zaka za m'ma 1840, ndipo mbalame za kunyanja zosauluka zotchedwa penguin, zimene zimakumba zisa zawo m'zitosi zouma, zinatsala pamwala poyera pomwe dzuwa ndi adani zimafikira mazira mosavuta.