Momwe mungapemphere ndalama za olumala ku America mulibe ndalama zolipira dokotala

Abale athu ambiri ku America amagwira ntchito zopweteketsa thupi: kunyamula okalamba m'nyumba zowasamalira, kuima usiku wonse m'fakitale. Msana ukathyoka ntchito imatha, inshuwalansi ya chipatala n'kuthera pomwepo. Koma a Social Security Administration, nthambi ya boma yopereka ndalama za olumala, samvera za pakamwa, amafuna mapepala a kuchipatala. Nanga wopanda khobidi awatenga kuti?

Choyamba, dziwani thandizo lokuyenerani mwa mitundu iwiri imene amapereka, SSDI ndi SSI. SSDI ndi ya amene ankadulidwa msonkho wa Social Security, kawirikawiri zaka 5 mwa zaka 10 zapitazi. SSI ndi ya osowa, ndipo malamulo ake ndi okhwima kwa amene si nzika. Konseku, matendawo akhale okulepheretsani kugwira ntchito kwa miyezi 12 kapena kuposerapo, kapena oti angakupheni.

Lembetsani msanga, musadikire kuti mapepala akwane. Kulembetsa ndi kwaulere, ndipo womasulira mukamupempha simulipira.

Kenaka kaonaneni ndi dokotala, ngakhale m'thumba muli mbee. Funsani community health center (chipatala cha m'dera) yapafupi: kumeneko mtengo amautsitsa molingana ndi zomwe mumapeza. Zipatala zosachita phindu lamulo limazikakamiza kukhala ndi ndondomeko yothandiza osowa, choncho pemphani fomu yake ku ofesi yolipirira. Yesaninso Medicaid, inshuwalansi ya chipatala ya boma yothandiza osowa, ngakhale malamulo ake amasiyana m'chigawo chilichonse.

Apa ndi pamene anthu athu amadzipweteka okha. Tinaleredwa kuyankha kuti "ndili bwinoko" ngakhale thupi likuphwanya, ndipo dokotala amalemba zomwezo. Nenani zenizeni: kuti mukaima mphindi 10 mwendo umachita dzanzi, kuti botolo la mkaka likukukanikani kunyamula, kuti masokosi amakuvekani ndi mwana. Wounika pempho lanu akufuna adziwe zimene thupi likulephera kuchita, dzina la matenda palokha silikwanira.

Ngati munasiya mankhwala kapena kujomba kuchipatala chifukwa cha ndalama, uzani dokotala alembe chifukwacho. Malamulo a Social Security amavomereza kuti kusowa ndalama ndi chifukwa chomveka, makamaka mukaonetsa kuti munayesa kufuna thandizo laulere. Sungani makalata okukanani, mabilu ndi malisiti mu envulopu imodzi.

Umboni ukaperewera, a Social Security amakutumizani kwa dokotala amene amulipira okha. Musaphonye tsikulo. Koma musadalire iye yekha, chifukwa amakuonani kanthawi kochepa ndipo sakupatsani mankhwala.

Ambiri amakanidwa ulendo woyamba. Mukakanidwa, muli ndi masiku 60 ochita apilo, ndipo kuchita apilo ndi kwabwino kuposa kuyambiranso. Loya wa milandu yotereyi nthawi zambiri amalipidwa pokhapokha mwapambana, ndipo satenga zoposa 25 peresenti ya ndalama za m'mbuyo zimene boma likukubwezerani. Maofesi a legal aid amathandiza osowa kwaulere pa nkhani za malamulo.