Ndondomeko ya ulendo wa banja wochokera ku Mzuzu kupita kunyanja

Mwafunsa mmene banja lingayendere pa galimoto kuchokera kuno ku Mzuzu kukacheza kunyanja m'nyengo yotentha. Choyamba, onetsetsani kuti mabuleki ndi matayala ali bwino, ndipo thirani mafuta okwanira musananyamuke, chifukwa msewu wa M5 wotsikira ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, uli ndi zitsetse ndi makona ambiri. Nyamukani m'mamawa dzuwa lisanatenthe.

Mukafika, pumani ku Chikale, kumene ana angasewere pamchenga, ndipo mudye nsomba ya batala ndi kondowole. Kenako lowerani chakumwera, kudutsa munda wa mitengo ya labala wa Vizara, mukagone ku Chintheche.

M'mawa mwake musadutse pa Bandawe osaima. Apa ndi pamene amishoni a Livingstonia anakhazikika mu 1881 atachoka ku Cape Maclear, ndipo tchalitchi chakale ndi manda awo zilipobe; ine ndimaona kuti ana amaigwira bwino mbiriyi akaona malowo ndi maso awo.

Ana asasambe pamalo a bango ndi madzi odikha poopa likodzo, ndipo usiku aliyense agone m'neti. Pobwerera, kwerani phiri la ku Mzuzu kusanade.